Chaka Chino Sitipezeka

Ufumu wa Chitengeni unali ndi masiku atchuthi ambiri, koma lalikulu kuposa onse linali Tsiku la Kupezedwa. Pa tsikuli anthu ankakumbukira kuti kalekale mzungu wina, amene dzina lake linakanika malilime a anthu mpaka anangomutcha Kaputeni Sokosi, anakwera mtsinje wa Mwaiwala pa bwato n'kulipeza dzikolo. Mabuku a kusukulu ankanena kuti Kaputeniyo asanafike, dziko silinkadziwa n'komwe kuti lilipo. Mapiri ankangoima osadziwa chimene aimira, ndipo mtsinje unkangoyenda popanda woulangiza kolowera.

Azunguwo anabwerera kwawo kalekale. Mbendera yawo inatsitsidwa, anthu anavina mpaka fumbi koboo. Koma ponyamula katundu wawo, azungu anaiwala tchuthi chija, ndipo mafumu a Chitengeni, omwe sankataya chinthu chilichonse chokhala ndi nyama ndi bandi, anachitola n'kuchisunga.

Chaka chilichonse, pa doko la mzinda waukulu wa Ombanimmanja, pankachitika sewero. Mfumu Zonsenzanga Yachitatu inkavala ngati Kaputeni: chisoti choyera chonga mphika, kabudula wa khaki, ndi sokosi zofika m'mawondo. Inkabwera pa bwato, n'kuika dzanja pamphumi, n'kufuula kuti, "Taonani dziko lopanda mwini! Sindikuona munthu!" Ikatero, anthu obisala m'nkhalango ya pambali pa doko ankatuluka atavala zikopa, n'kudabwa, n'kugwada, n'kulandira kagalasi. Bandi inkaimba, akuluakulu n'kupita kukadya.

Obisalawo anali Achikhalire, anthu amene anakhala m'mbali mwa mtsinjewo mtundu wina uliwonse usanafike. Atabwera Kaputeni anawapempha kuti asendere pang'ono, pankafunika malo a sitolo. Atabwera a minda ya nzimbe anawauza kuti asenderenso. Atachoka azungu, mafumu akuda anapitiriza mwambowo mwaulemu kwambiri, mpaka Achikhalire anapezeka ali pamwamba pa phiri lamiyala limene aliyense ankalitcha Senderani. Kupitirira pamenepo kunali kumwamba basi.

Alendo ena ankafunsa kuti anthu amenewa amavomera bwanji kudzagwada chaka ndi chaka. Yankho linali m'nkhalango muja. Anali manda a makolo awo. Boma linaizinga ndi waya n'kuikapo mlonda, ndipo tsiku lokhalo limene Achikhalire ankaloledwa kulowamo linali Tsiku la Kupezedwa. Choncho ankafika m'mawa pa lole ya boma, ndipo pamene Mfumu inkadzola paudala kumaso kuti iyere, iwo ankazula udzu pa manda, kusesa, ndi kuuza akufa awo amene wabadwa ndi amene wakwatiwa. Wezulo ikalira ankapukuta m'manja n'kutuluka kukadabwa.

Zinthu zikanapitirira choncho pakanapanda Nduna ya Zikondwerero, a Chitoliro, munthu amene ankayamba kuseka Mfumu isanamalize nthabwala. Tsiku lina anagwada pamaso pa Mfumu nkhope ili ngwee.

"Mwinizonse, chiboliboli cha Kaputeni pa doko paja n'chaching'ono, ndiponso mitengo ikuchibisa. Tidule nkhalango ija, tithire simenti, tiimike china chachitali choti munthu akachiyang'ana chipewa chizigwa. Potsalapo pazikhala poimika magalimoto a alendo."

Mfumu inakanda chibwano. "Nanga anthu aja azibisala kuti?"

"Kuseri kwa magalimoto, Mwinizonse. N'zamakono."

Nduna zonse zinaomba m'manja, ndipo lamulo linatuluka lakuti buludoza iyambe ntchito tchuthi chikangotha.

Nkhaniyi itafika ku Senderani, anthu anakhala pansi n'kukambirana, kenako anatuma Mai Tidalipo. Mayiyu anali woumba mbiya, wamfupi, wa manja olimba, ndipo ankagulitsa mbiya zake mumsika wa Tingoona, mumzinda momwemo. Anayamba kudabwa m'sewero lija ali namwali, ndipo anali katswiri. Ankayasama bwino kwambiri moti chithunzi chake chinaikidwapo pa kalendala ya boma.

Atafika kubwalo la Mfumu anagwada, anaomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Mwinizonse, ndatumidwa ndi a ku Senderani. Akuti zikomo chifukwa cha lole, koma chaka chino sitipezeka."

"Simupezeka?" Mfumu inadzuka pang'ono pampando. "Mukhala kuti?"

"Kwathu."

"Nanga ine ndipeza ndani?"

"Mwatipeza mokwanira, Mwinizonse. Ine ndekha mwakhala mukundipeza kuyambira ndili namwali. Munthu wosochera chaka chilichonse pamalo amodzimodzi, ameneyo ngofunika kupita naye kuchipatala."

A Chitoliro analumpha. "Mai inu, mukudziwa kuti kudabwa ndi udindo wa nzika iliyonse?"

"Ndikudziwa, bwana. N'chifukwa chake nditamva kuti mukufuna kuimika magalimoto pamwamba pa amayi anga, ndinadabwa kwambiri. Kudabwa konse kwa chaka chino kunathera pomwepo. Sikunatsale ngakhale kotsukira mkamwa."

Anaombanso m'manja, anadzuka, n'kubwerera ku mbiya zake.

Nduna zinakumana mpaka tiyi anatha m'nyumba yachifumu. Nduna ya Chilungamo inati Achikhalire onse amangidwe, Mfumu ikawapezere kundende. Ganizoli linakomera ambiri, koma kunapezeka kuti bwato silingafike kundende. Nduna ya Zaulimi inati m'malo mwawo aikemo mbuzi, popeza zikopa zili nazo kale ndipo kugwada zimadziwa. Anabweretsa mbuzi imodzi kuti ayesere. Inagwada bwinobwino, koma Mfumu itaionetsa kagalasi sinadabwe, inangoyamba kutafuna sokosi yachifumu.

Amene anapulumutsa dziko anali a Chitoliro omwewo. "Mwinizonse, alendo sasiyanitsa nkhope. Anthu a mumsika wa Tingoona angochuluka chabe. Tiwaveke zikopa, abisale, muwapeze."

M'mawa mwake galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika ikulengeza kuti, mwa chifundo cha Mwinizonse, ogulitsa onse apatsidwa mwayi wopezedwa. Aliyense abisale, adabwe, agwade. Wokana kudabwa adzadabwa ali kupolisi.

Mai Fulale, ogulitsa tomato, anapitiriza kupanga milu yawo. "Ine amuna anga anandipeza kamodzi kokha," anatero, "ndipo mpaka lero ndikudandaula."

"Tikapezedwa, kodi amene watipezayo azitidyetsa?" anafunsa wogulitsa makala. "Pajatu wotola nkhuku amaipatsa madeya."

Munthu mmodzi yekha amene anasangalala anali a Binali, telala wa pakhonde la msika. Ndiwo ankasoka kabudula wa Mfumu chaka chilichonse, akumuwonjezera nsalu m'chiuno mwakachetechete. Tsopano anauzidwa kuti asoke zikopa za msika wonse. Popeza nyama zakutchire zinatha kale, zikopazo zinali za masaka a feteleza, zojambulidwa mawanga ndi penti. Makina awo ankalira kuyambira m'mawa mpaka msika kutseka. "Boma ndi boma," ankatero, ulusi uli pakamwa.

Mai Fulale ndi Mai Tidalipo anali oyandikana mabenchi, ndipo kwa zaka zambiri ankagawana mthunzi wa ambulera imodzi. Ankadziwana ana, ankadziwana matenda. Koma za nkhalango ija Mai Fulale anali asanafunsepo. Chaka chilichonse ankaima m'gulu la oonerera, n'kumaloza monyadira kuti, "Uyo woyasama kwambiriyo ndi mnzanga."

Tsiku loyeserera litafika, a Chitoliro anasonkhanitsa anthu a mumsika pa doko, wezulo ili m'khosi.

"Kudabwa kuli ndi mbali zitatu," anatero. "Pakamwa yasa, maso tong'o, manja pamutu. Tiyeni! Iwe wa makala, ukudabwa ngati wamva mtengo wa sopo. Ndikufuna kudabwa kwa chimwemwe! Tsopano lowani m'nkhalango mukabisale."

Mlonda anatsegula waya, anthu n'kulowa akuseka. M'katimo munali mozizira, mbalame zikulira pamwamba. Mai Fulale anapeza kachulu kuseri kwa mtengo waukulu n'kukhalapo. Akukonza chitenje, dzanja lawo linagunda phale la mbiya. Analitembenuza. M'khosi mwake munali mizere yonga minga ya nsomba, yomwe ija Mai Tidalipo ankalemba pa mbiya zawo zonse. Anayang'ana uku ndi uku. Timilu tinali ponseponse, kalikonse ndi mbiya yake yoboola pansi, ndipo pa kalikonse panali munthu wa mumsika atakhala kapena atanjuta.

Anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Mai a tomato, khalani pansi!" anafuula a Chitoliro. "Sindinaimbe wezulo!"

"Bwana, pano ndakhala pa munthu."

"Ndi wakufa ameneyo."

"N'chifukwa chake sangandiuze yekha kuti ndichoke."

Mmodzimmodzi anthu anayamba kudzuka, akusasa kumbuyo, akuyang'ana pansi poponda. Kuseka kunatha. Anatuluka m'nkhalangomo mwakachetechete, ndipo a Chitoliro anakalemba kuti anthu a mumsika ali ndi luso lodabwa, kungoti amadabwa nthawi isanakwane.

M'mawa mwake anthu anaunjikana pa benchi la mbiya la Mai Tidalipo. Mai Fulale ndiwo anayamba. "Anzanga, zaka zonsezi bwanji osandiuza?"

"Munandifunsa?" anatero Mai Tidalipo, mopanda mkwiyo. "Munkandiombera m'manja. Munthu akukuombera m'manja n'kovuta kumuuza kuti ukulira."

"Nanga nkhani ya Kaputeniyi inayenda bwanji kwenikweni?" anafunsa wa makala.

"Kwathu amati anafika ali ndi ludzu, milomo itang'ambika. Anapeza mayi wina akutunga madzi, analoza chikho chimene chinali m'manja mwake. Mayiyo anamva chisoni, anati, 'Chitengeni.' Womasulira, amene ankadziwa chinenero chathu ngati mmene ine ndimadziwira kuyendetsa ndege, anauza Kaputeni kuti mayiyu akuti dziko litengeni. Chikho, dziko, kwa iye zinali zimodzimodzi. Kaputeni anamwa madzi, analemba m'buku, n'kuimika mbendera. Ngakhale chikhocho sanabweze."

Msika wonse unaseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Kenako kusekako kunazilala kokha.

A Binali, omwe anabwera tepi ili m'khosi, anakhosomola. "Koma Mai, ifenso ndife anthu akuda. Azungu omwewo anatikhometsa msonkho ifenso. Tsono ife talakwa chiyani?"

"Palibe wanena kuti munaba ndinu, a Binali. Makolo anu anabwera akuthawa nkhondo, athu anawapatsa moto ndi mbewu, ndipo sitidandaula. Koma zikopa zimene ndimagwada nazo zija amasoka ndani?"

"Telala amasoka zimene wauzidwa."

"Eya. Inenso ndimadabwa zimene ndauzidwa. Ine ndatopa. Kaya inu."

A Binali anayang'ana tepi yawo ngati akuiona koyamba.

Mnyamata wa kabaza anafunsa funso limene ambiri ankaliopa. "Tikakana, atimanga. Ndiponso tchuthi chikathetsedwa, tizipuma liti?"

Mai Fulale anatola tomato mmodzi, anamupukuta pa chitenje, n'kumuika pamwamba pa mulu. "Ndani wati tikane? Lamulo lati tibisale. Kodi lanena kuti tibisale kuti? Ine ndikukabisala ku Senderani. Ndamva kuti kuli miyala ikuluikulu, yabwino kubisalako."

Anthu anayang'anana, kenako anayang'ana Mai Tidalipo.

"Mukabwera, musabwere kudzatimvera chisoni," anatero mayiyo. "Chisoni tili nacho chambiri, chimatikwanira. Bwerani ndi madzi. Kuphiri kulibe."

Tsiku la Kupezedwa linacha bwino. Mfumu Zonsenzanga inadzola paudala, inalowa m'kabudula mothandizidwa ndi asilikali awiri, n'kukwera bwato. Pa nsanja ya pa doko panali nduna, akazi awo, ndi kazembe wa dziko la kwawo kwa Kaputeni, amene ankadzikupiza ndi pulogalamu thukuta lili kamukamu. Mabenchi a anthu wamba anali opanda munthu, koma a Chitoliro anafotokoza kuti zimenezi zikungoonetsa kuti kubisala kwayenda bwino.

Bwato linagunda doko. Mfumu inaima, inaika dzanja pamphumi.

"Taonani dziko lopanda mwini! Sindikuona munthu!"

A Chitoliro anaimba wezulo. Masamba a m'nkhalango anagwedezeka ndi mphepo. Sanatuluke munthu.

"Sindikuona munthu!" Mfumu inabwereza mokweza.

Wezulo inaliranso. Njiwa ziwiri zinauluka.

"A Chitoliro," inatero Mfumu ndi mawu ake enieni, "sindikuonadi munthu."

Aka kanali koyamba kuti mawu a m'sewerolo akhale oona, ndipo sanakomere aliyense. Asilikali anafufuza m'nkhalango, sanapeze kanthu. Anathamangira kumsika, anapeza mabenchi okhaokha. Kudepoti kunalibe minibasi ngakhale imodzi. Choopsa kwambiri chinapezeka kuseri kwa nsanja: miphika ya phwando inali yozizira, chifukwa amayi ophika nawonso anali atakabisala.

Mfumu inatembenukira kwa kazembe. "Pepani, a Kazembe. Kwanu mukakamba za manyazi amenewa, Kaputeni atembenuka m'manda."

Kazembeyo anapukuta khosi. "Kunena zoona, Mfumu, kwathu munthu ameneyu sitimudziwa. Ndinamva dzina lake nditafika kuno. Ndimabwera chifukwa mumandiitana."

Mlonda wa nkhalango ndiye ananena kuti waona anthu akulowera ku Senderani kuyambira m'mawa, atasenza zigubu. Nduna ya Chilungamo inati atumize apolisi. Mkulu wa apolisi anayankha kuti n'zotheka, kungoti akazi a apolisiwo ali komweko, ndipo wapolisi womanga mkazi wake amagona ndi njala.

"Ndipita ndekha," inatero Mfumu. "Lero ndi Tsiku la Kupezedwa. Ndipeza munthu basi."

Galimoto yachifumu inathera patsinde pa phiri, chifukwa msewu wopita ku Senderani unalipo m'malonjezo mokha. Mfumu inayamba kukwera wapansi, a Chitoliro akuigwirira ambulera, nduna zina zikutsalira imodziimodzi pamithunzi. Paudala anasungunuka n'kutsikira m'khosi. Sokosi zinadzaza chisoso. Pamene inkafika pamwamba, kumaso kwake kunali mizeremizere ngati mbidzi.

Zimene inaona kumeneko zinaiimitsa. Mudzi wonse unali wodzaza anthu. Zikopa za masaka zija a Binali anali atazilumikiza n'kupanga chimthunzi chachikulu, mawanga ake akuoneka pamwamba. Zigubu zamadzi zinali mumzere. Amayi a mumsika ndi amayi a kuphiri ankaphika limodzi, akutsutsana za mchere. Anyamata a kabaza ankaphunzira gule wa Achikhalire, akuponda molakwika, ana akuwaseka. Mkulu wina ataima pa thanthwe ankaloza chigwa chonse n'kumatchula maina akale a malo, anthu akubwereza pambuyo pake. Wa makala anangomva kumene kuti dera limene amakhala, lotchedwa Sokosi Layini, kale linkatchedwa Pogona Mvuu, ndipo ankauza aliyense kuti n'chifukwa chake nyumba yake imalowa madzi.

Mfumu inakonza chisoti n'kulunjika pa mpata wa miyala wolowera m'mudzi. Ng'oma zinaleka. Mai Tidalipo anabwera n'kuima m'katikati mwa mpatawo, manja ali kumbuyo. Sanagwade, sanayasame. Anangoima ngati munthu amene ali pakhomo pake.

Mfumu inadikira kuti wina aombe m'manja. Palibe anaomba.

Mai Fulale anasendera pafupi n'kunong'ona mokweza, moti onse anamva. "Mwinizonse, pakhomo pa eni timati odi."

"Mfumu siodira!" anakuwa a Chitoliro. "Dziko lonse ndi khomo lake!"

"Ndiye ikhale panja pa khomo lake," anatero wina kumbuyo.

Mphepo inabweretsa fungo la nyama ya mbuzi yokazinga. Mfumu Zonsenzanga inali isananenepo odi chibadwire. Zitseko zinkatseguka zokha isanafike. Inayang'ana anthu ake, amene inkawadziwa ngati manja oomba basi, ndipo inaona kuti ali ndi nkhope, ndiponso kuti nkhopezo sizinali zaudani. Zinkangodikira.

Inavula chisoti.

"O... odi."

"Kodi kunja kuli munthu?" anafunsa Mai Tidalipo, akuyang'ana kumwamba. "Ndamva ngati mphaka."

"Odi kuno!" inabangula Mfumu, mpaka mapiri anayankha.

"Odini! Lowani, alendo."

Nthungululu zinalira phiri lonse. Anaipatsa kampando pamthunzi wa masaka. Madzi akumwa anaibweretsera m'kapu ya pulasitiki, ndipo mtsikana amene anabweretsayo anaima pomwepo mpaka kapuyo inabwezedwa.

"Tsopano malonje," anatero Mai Tidalipo, atakhala pamphasa. "Mlendo akamwa madzi amanena chimene wayendera."

A Chitoliro anatulutsa pepala la zolankhula, koma Mfumu inawakankha ndi chigongono. Inali yotopa kwambiri moti inalibe mphamvu zonamira.

"Ndinafika pa doko, sindinapeze munthu. Ndinachita mantha. Ndiye ndabwera kumene kuli anthu."

"Malonje abwino," anatero Mai Tidalipo. "Athu ndi awa. M'nkhalango muja mwagona amayi anga, ndi amayi awo, ndi mwana wanga woyamba. Tikufuna waya achoke, buludoza ibwerere kumene yachokera, ndipo tizipitako tsiku lililonse limene mtima wafuna, titavala zovala zathu."

"Nanga chiboliboli chachitali?" anadandaula a Chitoliro.

"Kachiimikeni kumanda kwa agogo anu," anatero Mai Fulale. "Kulinso malo abwino oimika magalimoto."

Mfumu inaseka, mwina koyamba kuseka nthabwala ya munthu wina. A Chitoliro, ataona kuti Mfumu yaseka, anasekanso kwambiri kuposa onse.

"Waya achoka," inatero Mfumu. "Buludoza ikakonze msewu wa phiri lino, miyendo yanga yaumva. Koma tchuthi? Ndichithetse?"

Apa anthu a mumsika anayamba kung'ung'udza, wa kabaza uja nkhope itagwa.

"Tchuthi sitidana nacho," anatero Mai Tidalipo. "Nafenso timakonda nyama. Tsikulo lisungeni. Musinthe chimene mukuvinira."

A Binali anadzuka, akupotokola tepi yawo. "Ine ndingonena pamaso pa onse kuti zikopa ndasiya. Amene akufuna malaya a gule weniweni wa kuno abwere, andiuze yekha mmene amasokedwera. Ndipo kabudula uyo, Mwinizonse, chaka chamawa sindimuwonjezeranso. Nsalu yakana."

Anthu anadya mpaka dzuwa kupendeka. Mfumu inavula sokosi, inayesa gule, inagwa, inadzutsidwa, ndipo potsika phiri inanyamulako chigubu chimodzi chopanda madzi, chimene nyuzipepala ya boma inalemba kuti chinali chodzaza.

Waya anachotsedwadi sabata yomweyo. Nduna zinakhala miyezi zikukangana za dzina latsopano la tchuthi, mpaka zinagwirizana pa dzina lalitali loti munthu akalitchula lonse tsikulo limakhala litatha. Anthu sanalisamale. Iwo ankangoti Tsiku la Odi. Mfumu inalikonda kwambiri liwulo moti inalamula kuti wa boma aliyense aziodira asanalowe pakhomo pa munthu. Okhometsa msonkho anadandaula kuti m'midzi yambiri anthu agontha mwadzidzidzi.

Mfumu inkaganiza kuti nkhani yatha. Koma m'mawa wina, ikumwa tiyi, inamva mawu pa chipata cha nyumba yachifumu.

"Odi kuno!"

Inasuzumira pa katani. Anali Mai Tidalipo, mphasa ili m'khwapa. Pambuyo pawo panali Mai Fulale, a Binali, wa makala, a kabaza, ndi anthu ena ambiri mpaka kumsewu.

"A Chitoliro, abwereranso chiyani? Ndimayesa tinathana."

"Akuti za dambo la m'mbali mwa mtsinje, Mwinizonse. Paja pali munda wanu wa nzimbe."

"Auzeni kuti ndachoka."

"Akuonani kale pa katani, Mwinizonse. Mai a tomato akukubayibitsani."

Mfumu inayang'ana tiyi wake, inayang'ana khamulo, inapumira m'mwamba. Kenako inatsegula zenera.

"Odini!" inafuula. Ndipo potembenuka inauza a Chitoliro kuti, "Tulutsani mipando yonse, ndi ya nduna yomwe. Muuzenso ophika awonjezere madzi pamoto. Anthu obwera ndi mphasa yawo sakhala ndi malonje aafupi."